Tsiku Limene Hector Anakana Kumukweza

1

Nsanje ndinali nayo, ndipo sindichita nayo manyazi. Anthu a mu Highfield ankandiseka kuti Effie angachitire nsanje ngakhale chithunzithunzi cha mwamuna wake, ine n'kumawayankha kuti chikadzayamba kufika pakhomo mochedwa nachonso ndidzachifunsa kumene chinali. Koma azimayi anzanga zawo zinali zopepuka. Mwamuna akasowa ankadziwa kokamufuna: kumowa, kumpira, kapena kwa uje wa ku lokesheni ya Harari. Wanga akasowa ankakhala ali m'mitambo. Munthu ungamulondole bwanji kumeneko?

Hector anali woyendetsa ndege. Ee, munthu wakuda, mwana wa Mnyasa, masiku a nkhondo aja mzinda uno ukadali Salisbury. Anakulira pa mishoni pamene bambo ake ochokera ku Dedza ankaphika. Mzungu wina wa mpingo anamuphunzitsa kukonza injini, kenako kuyendetsa ndege yomwe, mapepala n'kukatengera ku Blantyre. Musaganize za ndege zikuluzikulu zija ayi. Kanali kandege ka mpingo, ka mipando inayi ndi phokoso lambirimbiri. Ntchito yake inali kupereka mankhwala ndi anamwino kuzipatala za kumidzi, poti misewu inali itadzaza mabomba okwirira pansi, aja Mashona ankawatcha zimbambaira.

Ine ndinkasoka malaya pa fakitale ina ku Southerton. Ana tinali nawo awiri, Lidiya ndi Maliko.

Ndege zing'onozing'onozi zinkagona pa kabwalo ka udzu kunja kwa tauni, ndipo oziyendetsa ankathandizana kwambiri. Wina asananyamuke, mnzake ankazungulira ndege yake, kugwedeza mapiko, kuponda matayala, n'kukhetsera timafuta m'kabotolo kuti aone ngati mulibe madzi. Akabwerako ankauzana kumene aona utsi ndi kumene awomberedwa. Mnzake wapamtima wa Hector anali Lourenço wa ku Tete, amene anaphunzira ndege ku Beira n'kusamukira kuno zinthu zitavuta kwawo. Lourenço anapezapo madzi m'mafuta a Hector atatsala pang'ono kuliza injini. Nayenso Hector tsiku lina anauluka pambali pa Lourenço, injini ya mnzakeyo ikutsokomola, akumulimbitsa mtima pa wayilesi mpaka anakatera bwinobwino pamunda wa fodya. Ankatchulana achimwene, ndipo ine Lourenço ankanditchula alamu.

Amene ndikufuna kukuuzani ndi mkazi wa Lourenço. Dzina lake Amália.

2

Amália anali namwino, woonda, wolankhula motsitsa ngati pali mwana wagona pafupi. Ankadziwa Chinyungwe, choncho mpingo unkamutumiza kuzipatala za kumalire kumene kunadzaza anthu othawa nkhondo. Mwina mukuti nanga bwanji sankangokwera ndi mwamuna wake? Apo ndiye panali nkhani.

Oyendetsa ndege a pabwalo paja anali ndi lamulo limodzi losalembedwa paliponse: bambo ndi mayi a mwana mmodzi sakwera ndege imodzi. Analiyambitsa ndi Hector yemweyo. Mzungu amene anamuphunzitsa uja anagwa ndi ndege ali ndi mkazi wake, ndipo amene anakatenga ana awo kusukulu tsikulo anali Hector. Sankakonda kuikamba nkhaniyi. Anangondiuzapo kamodzi kuti wamng'onoyo atamva kuti adadi amwalira anafunsa kuti nanga amami abwera nthawi yanji. Kuyambira pamenepo Hector analumbira, anzake n'kugwirizana naye, azungu ndi akuda omwe.

Lourenço ndi Amália anali ndi kamtsikana kawo, Iris. Ndiye chifukwa cha Iris, Amália sankakwera ndi mwamuna wake. Ankakwera ndi wanga.

Nditadandaula, Hector anati ngati ndikufunitsitsa kuona mitambo, Lourenço atha kundikweza tsiku lililonse limene ndingakonde. Ndinakana. Ndikakwere ndi mwamuna wa mwini kuti ndikaoneko chiyani? Ine ndinkafuna mpando wa pambali pa mwamuna wanga, womwewo umene ankakhalapo Amália, mapewa kuchita kugundana chifukwa cha kuchepa kwa kandegeko. Ndinalira, ndinanyanyala kudya, ndinagona choyang'ana kukhoma. Mapeto ake Hector anakhala pansi n'kundigwira dzanja.

"Mayi a Lidiya, padziko lonse lapansi mkazi amene sindingamukweze ndi mmodzi yekha, ndinuyo. Umenewo ndi ulemu, si chipongwe."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinakawafotokoza ku fakitale ngati kuti wandigulira wotchi yagolide, anzanga n'kumati koma ndiye Effie unakwatiwa. Kungoti tsiku la ulendo likafika, ine nditawerama pa makina osokera, ulemu ujanso unkandiwawa. Ndikamva kandege kakudutsa pamwamba pa malata a fakitale, singano inkakhota, kolala n'kutuluka yopendekeka, kapitawo n'kumandifunsa ngati ndikudwala.

3

Zinthu ziwiri ndi zimene zinandidya kwambiri, ndipo mukazimva mwina museka.

Choyamba chinali sikelo. M'shedi ya ndege munali sikelo ngati ya kuchigayo, ndipo aliyense wokwera ankayamba waimapo, pamodzi ndi katundu wake, kuti kandege kasalemedwe. Hector pa zimenezi analibe chibale. Anatsitsapo m'busa wathunthu chifukwa cha sutikesi ya mabuku. Ndiye kulemera kwa Amália ankakudziwa pamtima. Mwamuna amene anandigulirapo diresi yolowa anthu awiri, osadziwa n'komwe kuti mkazi wake amavala saizi yanji, ankatha kunena pachakudya kuti mayi a Iris atsika pang'ono mwezi uno, kaya sakudya bwino. Ndinamufunsa ngati akufuna ndiziwaphikira. Iye anangoseka, nati ndi nkhani ya mapiko chabe.

Chachiwiri chinachitika pa msonkhano wa amayi a mpingo. Tinali tikusenda mbatata kuseri kwa tchalitchi, amayi ena akumufunsa Amália ngati sachita mantha m'mwambamo. Iye anati mantha amakhalapo ndithu, makamaka potera, koma amatha bambo a Lidiya akayamba kuimba. Kenako anatembenukira kwa ine akumwetulira, nati inu mukudziwa mmene amaimbira nyimbo ya Pasaka ija akamatsika, mawu onse olakwika.

Ndinati ee, ndikudziwa. Bodza. Hector pakhomo sankaimba, ngakhale m'tchalitchi ankangogwedeza milomo. Zaka zonse zija ndinkagona ndi munthu amene mawu ake oimba sindinawamvepo, pamene mkazi wa mwini ankawadziwa mpaka polakwika pake. Mbatata imene inali m'manja mwanga ndinaisenda mpaka inatsala ngati chala.

Madzulo ndinamuuza Hector kuti andiimbire. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati pansi pano sizituluka, zimangobwera zokha akaona bwalo likuyandikira. Ndinati chabwino, ndiye kuti pali Hector wina amene amakhala m'mwamba, ndipo ameneyo ali ndi mkazi wakewake. Anandiuza kuti nsanje idzandipha ndisanakalambe, natuluka kukatsuka njinga yake yamoto.

4

Dzinja la chaka chimenecho mvula inavuta, ndipo ulendo wina Hector ndi Amália anakatsekeredwa kumalire masiku angapo chifukwa bwalo la kumeneko linasanduka dambo. Ine kuno ndinagwada mpaka mawondo kuchita zipsera, kupempherera kuti anyamata a m'tchire asawapeze, asilikali asawaganizire zoipa. Atabwera ndinayamika Mulungu, koma mtima sunakhale pansi. Patapita miyezi ndinaona kuti nkhani ya sikelo yatha pakhomo. Dzina la Amália Hector sankalitchulanso. Ndinati apa pali kanthu.

Loweruka lina ndinavala diresi yanga yabwino, ndinakwera basi ya ku Epworth kumene ankakhala, mawu onse nditawakonza kale. Ndinali nditakonzeka kuti anthu a kumeneko adziwe kuti ku Highfield kuli mkazi dzina lake Effie.

Amene ananditsegulira anali Lourenço, manja ali thovu lokhalokha, akuchapa. Anakuwa kuti alamu abwera, nandikokera m'nyumba ngati ndabwera ndi mphatso. Amália anali pampando, miyendo yotupa ataisanjika pa kabokosi, pathupi pakuonekeratu. Lourenço anati anadikira nthawi yaitali kuti Iris apeze mnzake, mpaka anayamba kuganiza kuti Mulungu anatseka. Ankayankhula akuseka, akupukuta manja pa buluku, kenako n'kuthamangira kukawiritsa tiyi.

Ndinachita manyazi, abale. Ndinadziona ndekha, mayi wa ana awiri, nditadzola mafuta onunkhira kudzamenyana ndi mayi wodwala pamaso pa mwamuna amene akumuchapira zovala. Ndinanama kuti ndabwera kudzawaona basi. Amália sanayankhule zambiri, ankangoyang'ana pansi, ine n'kumati ndi kutopa kwa pakati.

Anabereka mwana wamwamuna, anamutcha Nicolau. Ndinatola tizidutswa ta nsalu ku fakitale n'kumusokera timalaya ndi kachipewa, ndipo tsiku la ubatizo ndinamunyamula ndine pamene mayi ake ankakonza mpango. Miyezi imeneyo inali yokoma kwa ine. Amália anali pa tchuthi, kumalire kunkapita namwino wina, mayi wachikulire wa ndevu pachibwano amene ankasanza ulendo wonse. Ameneyo ndinkamukonda ndi mtima wanga wonse. Ndinanenepa, makolala anayamba kutuluka owongoka, ndipo ndinasiya kununkhiza malaya a Hector ndisanawachape.

5

Mwana atayamba kukwawa, Lourenço anatipeza tikutuluka m'tchalitchi nanena mosangalala kuti mayi a Iris akubwerera kuntchito. Kumalire kunabuka chikuku, ana akufa, ndipo namwino wachikulire uja anali atakana kukweranso ndege chifukwa sabata yomweyo kandege ka mlimi wina kanabwerako ndi mabowo a zipolopolo kumchira. Nicolau azitsala ndi azakhali ake masana, madzulo mayi ake abwera.

Ndinayang'ana Hector. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene waponda msomali koma sakufuna kuti anthu adziwe.

Kufika kunyumba matenda anga akale anayambiranso, ngati sanachokepo. Ndinamuuza kuti mpingo uli ndi anamwino ambiri, asankhe wina. Ndinati mkazi amene uja ndatopa naye, ndipo akangomukweza adzapeza ine ndapita kwa amayi anga ku Mufakose, ana ndatenga. Ndinkayembekeza kuti anditsutsa monga mwa masiku onse, kuti anena za ana odwala ndi za nsanje yanga. Sanatero. Anangokhala pakhonde, chipewa chili pabondo, akuyang'ana msewu mpaka chakudya chinazizira.

Tsiku la ulendo ndinatumiza uthenga ku fakitale kuti mwana wadwala. Ndinathira tiyi mufulasiki kuti ndikhale ndi chonamizira, n'kukwera basi, kenako kuyenda wapansi mpaka pabwalo. Ndinkafuna ndione ndi maso anga ngati mawu anga ali ndi mphamvu panyumba panga.

6

Ndinapeza tindege tiwiri titatulutsidwa kale pa udzu, mame asanaume. Ka Lourenço kankapita kuchipatala china ndi mabulangete, ka Hector n'kamene kankapita kwa ana a chikuku. Amália anali ataima potero ndi yunifomu yake yoyera, atanyamula bokosi lozizira la katemera. Atandiona anandipatsa moni wapansipansi. Hector anangoti mwabwera, osafunsa n'komwe chimene ndadzera.

Amália anaima pa sikelo, katundu anayezedwa, zonse zinali bwino. Ndiye Hector anakanda m'mutu nati ndege yalemera, mayi a Iris atsale.

Mtima wanga unadumpha. Ndinati ehe, wamva. Ndinagwira fulasiki ija ndi manja awiri kuti anthu asaone kuti ndikusangalala.

Koma Lourenço, munthu wothandiza uja, anati zimenezo n'zosavuta. Ananyamula makatoni awiri a mankhwala m'ndege ya Hector n'kukawaika m'ndege yake, nati adzawatula pobwerera. Hector anazungulira ndege yake, nabwera ndi lina, lakuti lamba wa mpando wakutsogolo sakugwira bwino. Lourenço anatenga sipanala, anamasula lamba wa m'ndege yake, namumanga pamenepo, n'kumukoka ndi mphamvu zake zonse kuti tonse tione. Hector anayang'ana kumwamba nati nyengo ya kumalire sakuikhulupirira. Kumwamba kunali mbee. Lourenço anaseka, nati wafunsa kale pa wayilesi, kumeneko kulibe ngakhale kamtambo kophimba nkhuku, ndipo anafunsa kuti kodi achimwene mwadzuka bwanji lero.

Hector ndinamumvera chisoni, mwamuna wanga akuvutika kubisa kuti akuopa mkazi wake. Komanso, ndisaname, ndinkafuna Amália adziwe amene ali ndi mawu. Ndinapita patsogolo n'kunena kuti asavutike kufunafuna zifukwa, ndamuletsa ndine.

Lourenço anaseka mpaka kugwira phiko la ndege. Kenako anavula chipewa nayamba kundichonderera mwaulemu. Anati alamu, nsanje ndi chikondi, iye akumvetsa, koma katemerayu dzuwa likakwera aonongeka, ndipo kumeneko kuli ana amene sadzafika Lamlungu. Anati iye mwini wake wa mkaziyo sadandaula, ndiye ine ndikuopa chiyani? Anthu a m'shedi anali atayamba kusuzumira. Ndinaona kuti ndapambana kale, aliyense waona kuti Hector amandimvera, ndiye ndingotayapo chiyani kukhala mayi wachifundo?

"Chabwino," ndinatero mokweza. "Bambo a Lidiya, akwezeni. Ndalola."

Ndinayembekeza kuti apumira m'mwamba n'kundithokoza. Sanasunthe. Anayang'ana udzu, thukuta likutsika m'khosi m'mawa wozizira ngati umene uja.

"Sangakwere ndi ine," anatero.

Amália anaika bokosi pansi. Anayandikira n'kunena motsitsa, koma ndinamva: "Hector, tiye. Ulendo umodzi wokha. Chonde." Mkazi amene zaka zonse ankati bambo a Lidiya, lero akumutchula dzina pamaso panga.

Hector anapukusa mutu. Anati sabata yomweyi awombera ndege m'njira yomweyo, ndipo iye sangathe.

Lourenço anali akumwetulirabe, koma kumwetulira kwake kunali kutauma. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana Hector, sipanala ili m'manja. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani chakutali.

"Achimwene, kulemera takonza. Lamba takonza. Alamu alola. Chatsala ndi lamulo lathu lija basi. Ndipo lamulo lija limaletsa munthu mmodzi yekha, mayi wa mwana wako."

Ndinamva fulasiki ikugunda pansi ndisanadziwe kuti ndaitaya. M'maganizo ndinaona kachipewa kaja ndinasoka ndi manja anga, ndi kamutu kamene ndinakagwira pa ubatizo, ndi masiku a mvula aja ndinkagwada. Hector anandiuza kale kuti padziko lonse ndine ndekha amene sangandikweze. Pa udzu paja tinaimapo awiri.

7

Ndinkaganiza kuti Lourenço amukhoma nayo sipanala ija, ndipo sindikanamugwira dzanja. Koma anaiika pansi bwinobwino. Anatembenukira kwa mkazi wake, naloza ndege yake ndi chala.

"Nanga yangayi? Ungakwere ndi ine?"

Amália anali akulira. Anati ayi, sangakwere, chifukwa cha Iris. Lourenço anatseka maso, nagwedeza mutu kangapo. Ndinamvetsa chimene ankafunsa. Pa ana awiri aja, mmodzi anali atamutsalira.

Ananyamuka kulunjika kundege yake, koma Hector anamutsekereza nazula kiyi. Anati lero suuluka, mutu wako suli bwino, mabulangete adikira. Tangoganizani, munthu wakuba mkazi wa mnzake akuphunzitsa mwini wake kusamala moyo. Chonyansa n'chakuti ankanena zoona, ndipo Lourenço ankadziwa. Anamusiyira kiyiyo.

Katemera uja anayenera kupitabe, masisitere a kumeneko akabaye okha. Hector analowetsa bokosi, nakwera. Apo ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Lourenço anatola kabotolo kaja. Anazungulira ndege ya Hector monga mwa masiku onse, kugwedeza mapiko, kuponda matayala, nagwada pansi pa phiko n'kukhetsa mafuta. Anakweza kabotolo kudzuwa nakayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima chilili, ndipo Mulungu andikhululukire, sindikudziwa chimene ndinkafuna kuti aone kapena kuti abise.

"Mulibe madzi," anatero. "Pita. Ukabwerako usadzanditchulenso achimwene."

Kandege kananyamuka, mpando wakutsogolo uli wopanda munthu. Lourenço anakakhala pansi kuseri kwa shedi. Amália anayesa kundiyankhula, kuti zinachitika nthawi ya mvula ija yokha, kuti ankaganiza kuti afa, kuti sanabwerezenso. Ndinamuuza kuti asunge mawu akewo akauze mwamuna wake. Tinayenda msewu umodzi kupita kokwerera basi, iye mbali iyo, ine mbali ino.

8

Hector anafika dzuwa lisanalowe. Ana ndinali nditawapititsa kale ku Mufakose. Anaima pakhomo ngati mlendo, nayamba kupepesa, koma ndinamudula. Za mvula sindinkafuna kumva. Funso langa linali lina.

"Mukanangomukweza," ndinatero. "Mukanapita, mukanabwerako ngati mmene mwabwereramu. Ine ndinali nditalola ndi pakamwa panga. Mukanandipeza nditaphika, osadziwa kanthu mpaka imfa."

Anati nanga akanagwa onse awiri, Nicolau akanatsala ndi ndani.

"Ndi bambo ake," ndinayankha. "Lourenço. Amene amamusambitsa, amene anamupatsa dzina. Mwanayo sakanakhala wamasiye, bambo a Lidiya. Inu nokha ndi amene mumadziwa zina."

Ndinkafuna anene kuti sanaganize bwino, kuti anasokonezeka ndi mantha, chilichonse. Koma Hector pa nkhani za ndege sankanama.

"Ndinaganiza zimenezo, Effie. Usiku wonse ndinaganiza. Koma ndi mwana wanga. Sindikanatha."

Basi, ukwati wanga unathera pa mawu amenewo. Anali atayeza zonse, monga ankayezera anthu pa sikelo yake ija. Mbali imodzi anaika ine, nyumba yathu, Lidiya ndi Maliko, ndi mnzake amene anamupulumutsapo. Mbali inayo anaika kamwana kokwawa ka ku Epworth kamene sikankamudziwa n'komwe. Ndipo anasankha akudziwa chimene akutaya. Ankhoswe anayesa kutikhazika pansi, abusa anabwera, amayi anga anati amuna onse ndi choncho. Ndinawauza kuti chigololo ndikanatha kuchimeza, akazi ambiri achimeza. Chimene chinandikanika ndi kugona pafupi ndi munthu amene anandiyeza n'kupeza kuti ndine wopepuka. Nkhondo isanathe tinali titalekana.

Lourenço anatenga banja lake n'kubwerera ku Tete, Nicolau yemwe, ndipo ndinamva kuti anamulera ngati wake. Hector mwanayo sanamuonenso.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga ansanje ngati ine, ndikudziwa mukudikira kuti ndikulangizeni kuti nsanje ndi yoipa. Sinditero. Nsanje yanga inkanena zoona pamene mpingo wonse unkandiseka. Inangolakwitsa poyang'ana. Ndinathera zaka ndikulondalonda mkazi amene mwamuna wanga ankamukweza, osadziwa kuti tsiku loopsa ndi limene adzamukane. Ena amandiuza kuti ndiyamike, choonadi chinandimasula, ndinachoka ndi ulemu wanga. Amanena bwino, ndipo ndimavomera kuti asandivutitse. Koma poti pano sindikubisa kanthu, ndinene. Ndakalamba m'nyumba ya chipinda chimodzi, ana anga anakula akuyendera bambo awo ngati malume. Mutandibwezera pa udzu paja m'mawa umene uja, ndikudziwa zonse zimene ndikudziwa lerozi, ndikanamugwira dzanja Amália, ndikanamukweza ndekha pa mpando uja, lamba n'kumumanga ndine.